Pulezidenti Akakana Kuyankha Aphungu

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero tikambirana za ku America, za mkangano umene unayamba dzikolo lili ndi pulezidenti wake woyamba ndipo mpaka pano sunathe. Aphungu akafuna kuona makalata a mu ofesi ya pulezidenti, kapena kufunsa mafunso alangizi ake, iye n'kukana kuti zimenezo n'zachinsinsi, mawu omaliza amakhala a yani? Mphamvu imene pulezidenti amakanira nayo, eni ake kumeneko amaitchula kuti executive privilege. Ife muno tizingoti chinsinsi cha pulezidenti.

Malamulo oyendetsera dziko la America analembedwa mu 1787. Muwawerenge kuyambira koyamba mpaka kumapeto, simupezamo mawu alionse opatsa pulezidenti ufulu wobisira aphungu kanthu. Simupezamonso mawu opatsa Congress, yomwe ndi Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, mphamvu yofufuza boma kapena kuitanitsa mboni. Mbali iliyonse imangoti mphamvu yake n'njodziwikiratu. Aphungu amati: tikonza bwanji malamulo, tivomereza bwanji ndalama, tisakudziwa mmene boma likugwirira ntchito? Pulezidenti nayenso amati: ndani adzandiuze zoona ngati akudziwa kuti zimene wandinong'oneza lero ziwerengedwa pagulu mawa?

Tisanapitirire, Congress ili ndi nyumba ziwiri. Ina ndi House of Representatives, ya aphungu 435 amene amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Ina ndi Senate, ya masenata 100 amene amakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka ziwiri za aphunguzo muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Mu November 1791, asilikali a boma otsogozedwa ndi a Arthur St. Clair anakumana ndi ankhondo a eni nthaka, a mitundu ya Miami, Shawnee ndi ina, pafupi ndi mtsinje wa Wabash, m'dera limene lero ndi Ohio. Asilikali a boma anapululuka. Oposa 600 anafa m'mawa umodzi. Chaka chotsatira aphungu anakhazikitsa komiti yofufuza chimene chinachitika, makamaka za kagulidwe ka zida ndi chakudya cha asilikaliwo, ndipo komitiyo inapempha makalata a boma. A George Washington anadziwa kuti chilichonse chimene achite chikhala chitsanzo kwa obwera pambuyo pawo. Anaitanitsa nduna zawo, a Thomas Jefferson, a Alexander Hamilton, a Henry Knox ndi a Edmund Randolph, ndipo anamanga mfundo ziwiri. Aphungu ali ndi ufulu wofufuza ndi kuitanitsa makalata. Pulezidenti apereke zonse zimene sizingapweteke dziko, koma akhoza kukaniza zimene kuziulula kungavulaze anthu. Atayang'ana makalata a nkhondoyo anapeza kuti mulibe choti abise, n'kupereka onse.

Patapita zaka zinayi, mu 1796, a Washington omwewo anakana. Aphungu ankafuna makalata okhudza pangano limene a John Jay anakambirana ndi Britain. Pulezidenti anayankha kuti nkhani za mapangano ndi maiko ena n'za Senate, ndipo aphungu angaone makalatawo pokhapokha atakhala kuti akufuna kumuchotsa pampando. Choncho munthu mmodzi yemweyo anasiya zitsanzo ziwiri, cha kupereka ndi cha kukaniza, ndipo mpaka lero loya aliyense amatola chimene chamukomera.

Tisafulumire kunena kuti chinsinsi chilichonse n'choipa. Kwathu kuno, mlandu ukavuta pabwalo, amfumu ndi nduna zawo amayamba apita kukuka kukakambirana paokha. Kumeneko nduna imatha kuuza amfumu kuti apa mwaphonya, mawu amene siingayerekeze kuwanena pamaso pa khamu. Palibe amadandaula nazo, malinga ngati chigamulo chibwerera pabwalo n'kufotokozedwa. Vuto limabwera pamene zimene zikukambidwa kukukako ndi mmene angabisire mbuzi imene amfumu omwewo alanda.

Chinsinsichi chinakula kwambiri mu 1954, ndipo chinakula anthu akuombera m'manja. Nthawi imeneyo senata wa ku Wisconsin, a Joseph McCarthy, ankazunguza dziko lonse ndi nkhani yakuti m'boma mwadzaza anthu a chikomyunizimu. Anaipitsa mbiri za anthu ambiri popanda umboni, mpaka anayamba kulimbana ndi gulu la asilikali. Pa 17 May 1954, Pulezidenti Dwight Eisenhower analembera kalata nduna yawo ya zachitetezo, a Charles Wilson, kulamula kuti ogwira ntchito muundunawo asaulule ku komiti ya Senate zimene amakambirana mkati mwa boma. Onani kukula kwake: sizinalinso zokambirana za pulezidenti yekha ndi alangizi ake, koma za akuluakulu a boma pakati pawo. Anthu ambiri, pamodzi ndi manyuzipepala akuluakulu, anakondwera poti wovutitsa uja wapeza mnzake. A McCarthy anagwadi chaka chomwecho. Koma mphamvu imene anawagwetsera nayo inatsala mu ofesi ya pulezidenti, kudikira wina wodzaigwiritsa ntchito pa zake.

(Nyimbo pang'ono)

Usiku wa pa 17 June 1972, apolisi anagwira amuna asanu atathyola ofesi ya chipani cha Democratic m'nyumba yotchedwa Watergate mumzinda wa Washington. Anali ndi zida zomvetsera mobisa zokambirana za pafoni. Pulezidenti anali a Richard Nixon a chipani cha Republican, ndipo mneneri wawo anaipeputsa nkhaniyo ngati umbava wamba. Mu November chaka chomwecho a Nixon anapambananso chisankho ndi mavoti ochuluka zedi. Koma nkhaniyo sinafe. Mu February 1973, Senate inavota 77 kwa 0 kukhazikitsa komiti yofufuza, wapampando wake a Sam Ervin a ku North Carolina. Pambali pa komitiyo panasankhidwanso loya wapadera wofufuza ndi kuzenga mlanduwo, a Archibald Cox. Magulu awiriwa musawasokoneze: lina ndi la Nyumba ya Malamulo, lina ndi la milandu ya kukhoti.

Mu June 1973, yemwe anali loya wa ku White House (nyumba ya pulezidenti), a John Dean, anauza komitiyo kuti pulezidenti ankadziwa za chiwembu chobisa nkhaniyi. A Nixon anakana. Kunalibe wachitatu woti anene kuti wabodza ndani. Ndiye pa 16 July, mkulu wina amene anagwirapo ntchito ku White House, a Alexander Butterfield, atafunsidwa pamaso pa komiti, anavomera kuti mu ofesi ya pulezidenti munali makina ojambula mawu. Makinawo anaikidwa mu 1971, ndipo amene analamula kuti aikidwe ndi a Nixon eni ake. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankafuna chinthu chimodzi: matepi.

Komiti ya a Ervin inatumiza chisamani. A Cox nawonso anatumiza chawo. A Nixon anakana zonse ziwiri ponena kuti zokambirana za pulezidenti ndi alangizi ake n'zachinsinsi, ndipo woweruza kuti chinsinsi chithere pati ndi pulezidenti yekha. Makhoti awiri atagamula mokomera a Cox, a Nixon anabwera ndi nzeru ina: matepiwo amvetsere senata wachikulire, a John Stennis, n'kutsimikizira chidule chake. Dziko lonse linkadziwa kuti a Stennis ankamva movutikira. A Cox anakana. Loweruka pa 20 October 1973, pulezidenti analamula mkulu wa unduna wa zamalamulo, a Elliot Richardson, kuti achotse a Cox. A Richardson anatula pansi udindo. Wachiwiri wawo, a William Ruckelshaus, nawonso anakana n'kuchoka. Wachitatu, a Robert Bork, ndi amene anasaina kalatayo. Mkwiyo wa anthu unali waukulu moti pasanathe masiku ambiri a Nixon anavomera kupereka ena mwa matepi aja, ndipo pamalo pa a Cox panabwera a Leon Jaworski. Pa imodzi mwa matepi operekedwawo panapezeka kuti mphindi 18 ndi theka zafufutidwa.

Mu April 1974 a Jaworski anaitanitsa matepi a zokambirana zina 64, kuti akhale umboni pa mlandu wa akuluakulu amene anali pafupi ndi pulezidenti. Nkhaniyo inafika ku khoti la Supreme, ndipo pa 24 July 1974 oweruza asanu ndi atatu anagamula ndi mawu amodzi kuti a Nixon apereke matepiwo. Wachisanu ndi chinayi, a William Rehnquist, anadzipatula poti anagwirapo ntchito muunduna wa zamalamulo m'boma lomwelo. Amene analemba chigamulocho ndi mkulu wa oweruza, a Warren Burger, ndipo iwowo ndi anzawo awiri, a Harry Blackmun ndi a Lewis Powell, anaikidwa pampando ndi a Nixon.

Chigamulocho chili ndi mbali ziwiri, ndipo anthu ambiri amakumbukira imodzi yokha. Khoti linati womasulira malamulo ndi khoti, osati pulezidenti, ndipo kungonena kuti ndikufuna chinsinsi sikungapose kufunika kwa umboni weniweni pa mlandu waupandu. Koma linanenanso, koyamba m'mbiri ya dzikolo, kuti chinsinsi cha pulezidenti chilipodi ndipo mizu yake ili m'malamulo oyendetsera dziko, makamaka pa nkhani za nkhondo, chitetezo ndi ubale ndi maiko ena. A Nixon analuza matepi, koma anasiyira apulezidenti onse obwera pambuyo pawo chikalata chimene kale analibe.

Pa 5 August tepi ya pa 23 June 1972 inatuluka. Mmenemo, patangopita masiku asanu ndi limodzi chigwidwire amuna aja, a Nixon akumveka akugwirizana ndi mkulu wa ofesi yawo, a H. R. Haldeman, kuti bungwe la CIA liuze FBI kuti isiye kufufuza. Pa 7 August akuluakulu atatu a chipani chawo chomwe, a Barry Goldwater, a Hugh Scott ndi a John Rhodes, anapita kukawauza kuti ku Nyumba ya Malamulo kulibenso mavoti owateteza. Pa 9 August anatula pansi udindo. Kuchokera pa chigamulo kufika pa kuchoka panangopita masiku 16.

Tsono tcherani khutu, omvera, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imakambidwa mokhota. Anthu amati Watergate inaonetsa kuti Nyumba ya Malamulo imaposa pulezidenti. Koma amene anapambana ku khoti la Supreme ndi loya wozenga mlandu. Nanga komiti ya a Ervin, imene inavumbula za matepi, zake zinatha bwanji? Inaluza. Inkafuna matepi asanu okha. Poyamba woweruza John Sirica anati khoti lake lilibe mphamvu yomva dandaulo lotere. Congress inachita kukonza lamulo lapadera lopatsa khotilo mphamvuyo. Nkhaniyo itamvedwa, woweruza wina anakanabe, ndipo mu May 1974 khoti la apilo linagamula kuti komitiyo yalephera kuonetsa kuti singagwire ntchito yake popanda matepiwo. Ngakhale m'chigamulo chotchuka chija cha mu July, oweruza analemba m'munsi mwa tsamba kuti sakukamba za pamene wofuna makalata ndi Congress. Mpaka lero khoti la Supreme silinagamulepo mwachindunji kuti pakati pa chinsinsi cha pulezidenti amene ali pampando ndi chisamani cha aphungu, chachikulu n'chiti.

Chinanso. Komiti ya aphungu yoona zamalamulo inavomereza milandu itatu yochotsera a Nixon pampando. Woyamba, wosokoneza chilungamo, unadutsa ndi mavoti 27 kwa 11. Wachitatu, wokana kumvera zisamani za komiti yomweyo, unadutsa movutikira, 21 kwa 17. Ngakhale aphungu eni ake sanali otsimikiza kuti kuwanyoza iwowo ndi mlandu wokwanira.

(Nyimbo pang'ono)

Mukumvera pulogalamu ya zamalamulo ndi kayendetsedwe ka boma. Tsopano tifunse motere: munthu wa m'boma akalandira chisamani cha aphungu n'kukhala osapita, aphunguwo angamutani?

Kale ankangomugwira okha. Mu 1924, Senate ikufufuza mkulu wa unduna wa zamalamulo, a Harry Daugherty, inaitana mchimwene wawo, a Mally Daugherty, amene anali mkulu wa banki ku Ohio. Atakana, Senate inatuma wachiwiri kwa mkulu wa chitetezo cha nyumbayo kukawagwira ku Cincinnati. Mu 1927 khoti la Supreme linati Senate sinalakwe, poti mphamvu yofufuza imayendera limodzi ndi mphamvu yokonza malamulo. Mu 1934 loya wina, a William MacCracken, analamulidwa ndi Senate kukhala m'ndende masiku khumi chifukwa cholola kuti makalata oitanitsidwa achotsedwe ndi kuwonongedwa. Chiyambire nthawi imeneyo njirayi sinagwiritsidwenso ntchito. Ndipo tangoganizani mlonda wa Nyumba ya Malamulo atafika pachipata cha White House kuti wabwera kudzagwira mlangizi wa pulezidenti. Angalowe?

Njira yachiwiri ndi lamulo la mu 1857, limene limati kunyoza Congress ndi mlandu, chilango chake kundende kuyambira mwezi umodzi mpaka chaka. Pamapepala likuoneka lamphamvu. Koma aphungu sazenga okha mlanduwo. Amautumiza ku unduna wa zamalamulo, ndipo undunawo uli pansi pa pulezidenti yemweyo amene walamula munthuyo kuti asapite. Mu December 1982 aphungu anapeza a Anne Gorsuch, mkulu wa bungwe loona zachilengedwe m'boma la a Ronald Reagan, olakwa pokaniza makalata okhudza malo otayirako zinyalala zapoizoni. Unduna sunawatengere kukhoti. Mu 1984 maloya a undunawo analemba maganizo awo akuti munthu amene wakana pomvera lamulo la pulezidenti la chinsinsi sangazengedwe mlandu, ndipo maboma onse otsatira, a zipani zonse ziwiri, akhala akutsamira pa maganizo amenewo.

Yatsala njira yachitatu, yoti aphungu akasume okha kukhoti kupempha woweruza alamule munthuyo kumvera. Akuluakulu amati mlandu suwola. Koma chisamani cha aphungu chimawola ndithu. Zaka ziwiri zija zikatha, nyumbayo imatha, zisamani zake n'kuthera pomwepo, ndipo ngati chisankho chabweretsa chipani china, ofufuza aja amapezeka alibenso komiti. Loya wa pulezidenti safunika kupambana. Amangofunika kuchita apilo.

Taonani mmene zakhala zikuyendera. Mu 2006 boma la a George W. Bush linachotsa ntchito maloya angapo oimira boma pamilandu m'zigawo, ndipo panali chikaiko chakuti zifukwa zake zinali zandale. Mu June 2007 aphungu anaitana a Harriet Miers, amene anali loya wa ku White House. Sanapite n'komwe, poti boma linati alangizi apafupi a pulezidenti sangakakamizidwe ngakhale kungoonekera pamaso pa komiti. Pa 31 July 2008 woweruza John Bates, amene anasankhidwa ndi a Bush omwewo, anati mfundo imeneyo ilibe maziko m'malamulo. Boma linachita apilo. A Miers anadzayankha mafunso mu 2009, m'chipinda chotseka, a Bush atachoka kale.

Kenako mpando unasintha. M'boma la a Barack Obama kunabuka nkhani ya Fast and Furious, pamene apolisi a boma oona za mfuti ku Arizona analekerera mfuti pafupifupi 2,000 kugulidwa ndi anthu okayikitsa, poganiza kuti azitsatira mpaka akagwire akuluakulu a magulu a zigawenga ku Mexico. Zambiri zinasowa, ndipo zina zinapezeka pamalo pamene anaphedwera msilikali wolondera malire mu December 2010. Aphungu anafuna makalata, a Obama anati n'zachinsinsi, ndipo pa 28 June 2012 nyumbayo inavota 255 kwa 67 kuti mkulu wa unduna wa zamalamulo, a Eric Holder, anyoza Congress. Inali nthawi yoyamba nduna imene ili paudindo kupezedwa yolakwa motere. Koma mlanduwo ukanazengedwa ndi unduna wa a Holder omwewo, ndiye mukudziwa kale mmene zinathera. Aphungu anakasuma, woweruza Amy Berman Jackson anagamula mu January 2016 kuti makalata ambiri aperekedwe, ndipo nkhani yonse inadzatsekedwa mu 2019. A Holder anali atachoka mu 2015, a Obama mu 2017.

Mu April 2019 aphungu anaitana a Don McGahn, amene anali loya wa ku White House m'boma la a Donald Trump. Mu November chaka chomwecho woweruza Ketanji Brown Jackson analemba kuti apulezidenti si mafumu, ndipo a McGahn ayenera kukaonekera. Mawuwo anamveka dziko lonse. A McGahn anakaonekera pa 4 June 2021, m'chipinda chotseka, a Trump atachoka pampando miyezi inayi yapitayo.

Nkhani zitatu, oweruza atatu, onse anagamula mokomera aphungu, ndipo palibe ngakhale imodzi imene umboni wonse wofunidwawo unafika pulezidenti wokhudzidwayo akadali pampando. Kunena zoona, ine sindiona kuti chimene chimateteza apulezidentiwa ndi chinsinsi. Chimene chimawateteza ndi kalendala.

Umboni wake ndi zimene zimachitika pulezidenti amene ali pampando akakhala mbali ya aphungu. Pa 6 January 2021 khamu la otsatira a Trump linathyola nyumba ya Congress. Komiti yofufuza inapempha makalata a ku White House a tsikulo, amene anali m'manja mwa ofesi yosunga zolemba za boma. Kuyambira mu 1978 lamulo limati makalata a pulezidenti ndi katundu wa dziko, ndipo lamulolo linabadwa chifukwa cha matepi a Watergate omwe aja. A Trump, ali kunja kwa boma, anati n'zachinsinsi. A Joe Biden, ali pampando, anati saona chifukwa chobisira. A Trump anakasuma mu October 2021, ndipo pofika pa 19 January 2022 khoti la Supreme linali litawakanira. Miyezi itatu basi. Amuna awiri amene anakana zisamani za komitiyo, a Steve Bannon ndi a Peter Navarro, anazengedwa mlandu pa lamulo lija la mu 1857, ndipo aliyense anakhala kundende miyezi inayi mu 2024. Lamulo limene linagona pa a Gorsuch ndi a Holder linadzuka.

Chaka chomwecho cha 2024 linagonanso. Aphungu a Republican ankafuna mawu ojambulidwa a pamene a Biden ankafunsidwa ndi loya wapadera Robert Hur za makalata achinsinsi a boma. A Biden anakaniza. Pa 12 June nyumbayo inavota 216 kwa 207 kuti mkulu wa unduna wa zamalamulo, a Merrick Garland, anyoza Congress, ndipo pasanathe sabata unduna wawo unati sipakhala mlandu. Mavotiwo anatsata chipani pafupifupi onse. Amene ankafuula za ufulu wa aphungu mu 2019 ndi amene ankateteza chinsinsi mu 2024, ndipo anzawo aja anatembenukanso chimodzimodzi. Muyerekeze ndi 77 kwa 0 ya mu 1973.

Sikuti aphungu alibiretu pogwira. Makalata ambiri amene makomiti amafuna amaperekedwa popanda phokoso, mbali ziwirizo zitakambirana: izi muone koma musatenge, uyu abwere koma mafunso ake akhale awa. Mu 1977 khoti la apilo linanena kuti kukambirana kotere ndi udindo wa mbali zonse ziwiri zisanathamangire kukhoti. Ndipo chimene chimafewetsa boma pa zokambiranazo ndi zinthu zimene aphungu ali nazo m'manja mwawo osadalira woweruza: kumana unduna ndalama, kukana kuvomereza anthu amene pulezidenti wasankha pa maudindo, ndi kumuchotsa pampando. A Reagan anapereka makalata aja mu 1983 khoti lisanawakakamize, ataona kuti nkhaniyo ikuwadyera mbiri. Koma zida zonsezi zimafuna aphungu okonzeka kukhumudwitsa mtsogoleri, nthawi zina wa chipani chawo chomwe, monga anachitira a Goldwater ndi anzawo.

Kwathu kuno nafenso tili ndi pulezidenti wosankhidwa ndi anthu mwachindunji, amene sachokera m'Nyumba ya Malamulo, choncho funsoli si lachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti amene analemba malamulo oyendetsera dziko la Malawi mu 1994 sanasiye zinthuzi kuti anthu aziganizira okha. Gawo 60 limapatsa Nyumba ya Malamulo ndi makomiti ake mphamvu yofufuza ndi kuitanitsa munthu aliyense. Gawo 89 limati pulezidenti aziitanidwa kunyumbayo kukayankha mafunso a aphungu, chinthu chimene pulezidenti wa America sakakamizidwa kuchita. Gawo 37 limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Komabe gawo 89 linakhala zaka zambiri lili papepala pokha, moti a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, atapita kukayankha mafunso a aphungu mu September 2020, inali nkhani yaikulu m'dziko lonse. Lamulo lothandiza anthu kupeza nkhani za boma, limene gawo 37 linkayembekezera, aphungu analivomereza mu December 2016, ndipo pulezidenti wa nthawiyo analisaina mu February 2017. Chinatsala ndi chakuti nduna ilengeze tsiku loti liyambe kugwira ntchito. Tsikulo linadzakhala 30 September 2020.

Nthawi yathu yathera pamenepa, omvera. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)